Zengerezu kapena kudekha, ndimvere ndani?

Funso: Alangizi, ndine mayi wa ana awiri kuno ku Ndirande. Titagawana ku banki m'khonde Disembala wapitayu ndinapata K300,000 ndipo ndimafuna ndiyambe geni ya tomato ndi anyezi, koma mpaka pano ndalama ili phee mu Airtel Money, ndikudikira kuti mpamba ukwane kaye. Apongozi akuti kuona maso a nkhono n'kudekha, mnzanga akuti zengerezu adalinda kwawukwawu. Ndimvere ndani?

Yankho: Mayi, mverani mnzanuyo. Apongozi sakunama ayi, koma kudekha kwa pa geni kumakhala ndi zochita zake. Wodekha amalawirira kumsika kukaona kuti tomato amatsika nthawi yanji, amaoda kwa ndani, dengu likupita pa zingati, milu ingati imatuluka m'dengumo, amafunsanso za chiphaso cha pamsika. Zimenezi sabata imodzi zatheka. Ngati miyezi yonseyi simunachiteko chimodzi mwa izi ndiye kuti chakugwirani ndi mantha, ndipo ndikumvetsa, ndalamayo munaikhetsera thukuta sabata ndi sabata. Koma paja ndionetsetse adathetsa nkhosa.

Chikundidetsa nkhawa ine ndi mawu oti "ukwane kayewo". Ukwane zingati? Mu Meyi 2022 Reserve Bank inatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 25 peresenti, mu Novembala 2023 inatsitsanso ndi 44 peresenti, ndipo amene ankasunga kudikira kuti zikwane anangoona katundu yemwe ankafunayo akuwathawa, ndalama ili yomweyo mufoni koma zogula nayo zachepa. Ndiye onjezani maliro, fizi, mlamu wobwereka "pang'ono chabe", mudzazindikira 300 ija yasanduka 180 musanagulitse ndi tomato mmodzi yemwe.

Tsono sindikuti mawa mukathire ndalama yonse. Pa Facebook pamadzaza mawu oti yambani lero, olimba mtima ndi amene amalemera, koma olembawo sadzakhalapo tomato wanu akamafewa tsiku lachitatu. Tomato sachedwa kuola, nthawi ya mvula amasowa n'kukwera mtengo, chilimwe amachuluka mpaka ogulitsa kumangotaya. Patulani ndalama ya dengu limodzi basi, ndi anyezi pang'ono poti iyeyo amakhalitsa, odani konkuno ku Blantyre. Za ku Lizulu, Bembeke kapena Tsangano zibwera mukadziwa kuti mumatsitsa madengu angati pa sabata, apo ayi thiransipoti ikudyerani phindu lonse. Yotsalayo musaikhudze, ndipo katapila musamuyandikire n'komwe.

Gulani kope. Madzulo aliwonse lembani zomwe mwaoda, zomwe mwagulitsa, zoola, chiphaso, majumbo, ngakhale tomato amene mwatengako wa ndiwo kunyumba mumulembe, chifukwa geni zambiri za amayi zimathera mumphika mwiniwake osadziwa. Ngongole kwa aneba mwezi woyamba ayi, muziwauza mwaulemu kuti mpamba ukadali wakhanda.

China chimene simunanene koma ndikuchiganizira, mwina mukuchita manyazi kukhala pa benchi anthu okudziwani akudutsa. Mbewa ya manyazi idafera kudzenje mayi, ndipo okudziwaniwo ndi amene akhale makasitomala anu oyamba.

Sankhani tsiku sabata ino lisanafike Loweruka, muwauzenso apongozi kuti akuperekezeni kokaoda, iwowo diso la tomato wabwino ali nalo. Pakatha masabata awiri mundilemberenso ndi manambala a m'kopemo tione limodzi ngati mungaonjezere dengu lachiwiri.