Tomato sanapse koma usiku wayamba kuzizira: ndiyambire pati m'dimba?

Mayi wina amene amawerenga tsamba lino atilembera imelo. Ali ndi kadimba kuseri kwa nyumba, m'dera limene chisanu choundanitsa mame pamasamba chimagwa chaka ndi chaka. Nyengo yotentha yangotha kumene, mitengo yayamba kuyoyola masamba, koma tomato wawo wadzaza zipatso zosapsa, masamba a maungu ayera mbee, ndipo mabedi awiri amene munali nyemba angokhala opanda kanthu. Funso lawo ndi lakuti: "Kodi ndingozula zonse n'kudikira chaka chamawa, kapena chilipo choti ndipulumutse?"

Mayi, musazule. Masabata amenewa, omwe ndi a Sepitembala kumaiko a kumpoto ndi a Malichi kumaiko a kum'mwera, mpweya umazizira msanga koma nthaka imakhala ikadali yofunda, ndiye ntchito ilipo yambiri. Chofunika kudziwa poyamba ndi tsiku limene chisanu choyamba chimakonda kugwa kwanuko. A zanyengo amakhala nalo, ngakhalenso anzanu amene alima m'deralo kwa zaka zambiri angakuuzeni. Mukalidziwa, werengani masabata otsala. Ntchito iliyonse imene titchule pano ikudalira nambala imeneyo.

Tiyambe ndi tomato, poti ndiye sachedwa kuwonongeka. Duwa la tomato limafuna masabata 6 mpaka 8 kuti lisanduke chipatso chakupsa. Ngati kwatsala masabata osakwana amenewo, maluwa amene akutuluka panopa angodya mphamvu ya mbewu pachabe. Dulani nsonga ya tsinde lililonse, kusiya masamba awiri pamwamba pa tsango lomaliza limene lili ndi zipatso. Thotholani maluwa onse ndi tizipatso tating'onoting'ono, muchotsenso masamba a m'munsi amene achita chikasu kuti mphepo izidutsa. Madzi achepetseni, koma nthaka isachite kuuma gwa. Ikauma kwambiri kenako n'kugwa mvula yamphamvu, zamkati mwa chipatso zimafufuma mofulumira kuposa khungu, tomato n'kung'ambika.

Ambiri amaganiza kuti chopsetsa tomato ndi dzuwa. Ayi, ndi kufunda, pamodzi ndi mpweya wotchedwa ethylene umene chipatso chokhwima chimatulutsa chokha. Amapsa bwino pa madigiri 20 mpaka 25. Kukazizira kufika pansi pa 13 amapsa mochedwa kwambiri, ndipo akakhalitsa pansi pa 10 amawonongeka m'kati, sakomanso ngakhale atadzafiira. Choncho usiku ukayamba kumatsika pansi pa madigiri 10 motsatizana, thyolani onse okhwima mukapsetsere m'nyumba. Kuti mudziwe wokhwima, dulani mmodzi pakati. Ngati njere zazunguliridwa ndi madzi oterera ndipo zikuthawa mpeni, onse a msinkhu umenewo adzapsa. Ngati mpeni ukudula njerezo, amenewo sadzapsa. Okhwimawo ayaleni m'katoni mosasanjikiza, pa nyuzipepala, m'chipinda cha madigiri 18 mpaka 21, ndipo pakatha pafupifupi masabata awiri afiira. Mukaikamo nthochi yakupsa kapena apozi zimafulumira, chifukwa nazonso zimatulutsa mpweya uja. Mufiriji ayi. Muzisuzumira m'katonimo masiku awiri aliwonse, chifukwa mmodzi wowola amawoletsa oyandikana naye.

Pali chinthu chimodzi chimene chingasinthe dongosolo lonseli: chiwawu. Chimakonda nyengo ino yozizirira ndi yachinyezi. Mukaona mawanga ofiirira ngati opsa pamasamba, zigamba zakuda patsinde, ndi tinthu toyera kunsi kwa tsamba m'mamawa, musadikire sabata. Thyolani zipatso zopanda banga tsiku lomwelo, muzule mbewuzo ndi kuzitaya kutali ndi dimba. Ngati muli ndi mbatata ya kachewere, matenda ake ndi omwewo. Dulani mitengo yake pansi penipeni, mudikire masabata awiri musanakumbe, kuti khungu la mbatata likhwime ndiponso tizilombo totsalira pamwamba pa nthaka tife.

Za maungu musade nazo nkhawa kwenikweni. Kuyera kwa masambako ndi matenda a nkhungu amene amabwera pafupifupi chaka chilichonse kumapeto kwa nyengo, masamba akakalamba, masana kukufunda usiku kuli mame. Pofika pano kupopera mankhwala n'kutaya ndalama. Chotsani masamba amene agwidwa kwambiri, basi. Chidwi chanu chikhale pa maunguwo. Ikani kathabwa pansi pa dzungu lililonse kuti lisagone pa dothi lonyowa. Lakhwima ngati chikhadabo chikukanika kuboola khungu ndipo phesi lake lauma. Podula siyani phesi la masentimita 5 mpaka 10, ndipo musalinyamulire kuphesiko, chifukwa likathothoka kuwola kumayambira pabalapo. Aumitseni pamalo ofunda, odutsa mphepo, kwa masiku 10, kenako muwasunge pouma pa madigiri 10 mpaka 15. Dzungu limene lamenyedwa ndi chisanu silisungika, ndiye onse alowe m'nyumba chisanagwe.

Chisanu choyamba chimakonda usiku wopanda mitambo ndi wopanda mphepo. Samalani ndi nambala imene a zanyengo amalengeza: amayeza mpweya pamwamba, kupitirira mita imodzi kuchokera pansi, pamene pansi penipeni pamazizira kuposa pamenepo. Akati madigiri 3 kapena 4, masamba a mbewu zanu akhoza kuuma ndi chisanu. Madzulo amenewo fundikani tsabola, mabilinganya ndi nkhaka ndi nsalu zakale, nsaluyo ifike pansi kuti itsekere kufunda kochokera m'nthaka. Pulasitiki wokhudza masamba sathandiza, tsamba limapsa pomwe wakhudzapo. M'mawa vundukulani. Kawirikawiri chisanu choyamba chikadutsa kumabweranso masiku angapo ofunda, kotero usiku umodzi wofundika ukhoza kukuwonjezerani nthawi yokolola.

Tsopano mabedi awiri aja. Apa ndiye pamene anthu ambiri amataya mwayi. Mbewu zamasamba zimakonda nyengo ino kuposa yotentha, chifukwa sizithamangira kuchita maluwa. Sipinachi, mpiru, letesi ndi radishi zonse zingafesedwe pano. Powerenga masiku, tengani amene alembedwa papaketi muwonjezere 14, chifukwa dzuwa likulowa msanga ndipo mbewu zikukula pang'onopang'ono. Radishi wa masiku 28 muwerengereni 42. Malire enieni si chisanu chokha ayi. Masana akafupika kufika pansi pa maola 10, mbewu zambiri zimangoima osakula, ndiye ziyenera kukhala zitakula kale nthawiyo isanakwane. Sipinachi ndi ndiwo za banja la kabichi zotchedwa kale zimapirira chisanu chochepa, ndipo masamba ake amatsekemera chikawagwera. Fesani mozama sentimita imodzi kapena imodzi ndi theka. Ngati masana kukutenthabe, letesi mufeseni madzulo n'kuthirira, chifukwa njere zake zimakana kumera nthaka ikapitirira madigiri 25. Mdani wamkulu wa mbande nyengo ino ndi nkhono. Zimatha mzere wonse usiku umodzi. Goneka thabwa pakati pa mizere, m'mawa ulitembenuze, uzipeza zitabisala pansi pake. Kuzitola ndi tochi usiku kumathandizanso kwambiri.

Bedi limodzi mungalisungire adyo, koma musafulumire. Amadzalidwa nthaka ikazizira, pakati kapena kumapeto kwa nyengo ino, ndipo amafuna mwezi umodzi kapena iwiri ya kuzizira kosapitirira madigiri 10 kuti mutu wake ugawike. Akasowa kuzizirako mumakolola kamutu kamodzi kozungulira. Sankhani zidutswa zikuluzikulu, nsonga iloze kumwamba, kuya masentimita 5, kutalikirana 15, mizere 30.

Ngati simufuna kufesa ndiwo, nthaka yokhayo isakhale pamtunda. Mvula ya nyengo yozizira imakokolola nayitrojeni kupita pansi kumene mizu safika, imaumbitsa dothi la pamwamba, udzu n'kulowerera. Njira yosavuta ndiyo kuyala kompositi wokhuthala masentimita 3 mpaka 5, osatembenuza, nyongolotsi zidzamulowetsa zokha. Ina ndiyo kufesa mbewu zophimba nthaka, monga rye, mbewu yofanana ndi tirigu, pa magalamu pafupifupi 15 pa sikweya mita, kapena clover, chomera cha banja la nyemba chimene chimawonjezera nayitrojeni. Rye mudzamukwirire masabata 3 kapena 4 musanafese nyengo yotsatira, chifukwa akamawola amalepheretsa njere zing'onozing'ono kumera. Mpiru nawonso umaphimba msanga, koma ndi wa banja limodzi ndi kabichi, ndiye usafesedwe pamene kabichi anadwalapo matenda otupitsa mizu. Pochotsa nyemba, dulani tsinde mizu itsale m'nthaka iwolere momwemo.

Zinthu ziwiri manja amayabwa kuchita nyengo ino, koma zilekeni. Feteleza wa nayitrojeni asapite ku mitengo ya zipatso, chifukwa amatulutsa mphukira zanthete zimene chisanu chidzapsereza. Kudulira mitengo nakonso kudikire. Maapozi amadulidwa mitengo ikagona m'nyengo yozizira, pamene maplamu ndi macheri amadulidwa nyengo yotentha, popeza mabala a nyengo yonyowa amalowetsa matenda.

Zinyalala zonse zopanda matenda zipite pa mulu wa kompositi, magawo awiri a zouma monga masamba oyoyoka pa gawo limodzi la zaziwisi. Chinyezi chake chikhale chakuti mukafinya m'manja mungotuluka dontho limodzi kapena awiri. Mulu wosakwana mita imodzi m'litali, m'lifupi ndi msinkhu sutentha mokwanira kupha njere za udzu, ndiye udzu umene wabereka kale usalowemo.

Mukafuna kusunga mbewu, onani kaye paketi imene munagula. Ngati palembedwa F1, ana ake sadzafanana ndi kholo. Tomato wamba ndi wosavuta: finyirani njere m'kapu, zisase masiku 2 kapena 3, muzitsuke, muziumitse pamthunzi ndi kuzisunga mu envulopu yolembedwa dzina ndi chaka. Maungu ndi ovuta, chifukwa njuchi zimasakaniza mungu wa mitundu yoyandikana. Ngati munadzala mitundu ingapo pamodzi, ndi bwino kudzagula mbewu ina.

Loweruka likudzali yambani ndi kudula nsonga za tomato ndi kufesa mabedi aja, poti ziwirizi zikachedwa sabata imodzi sizibwezeka. Adyo, kompositi ndi kutsuka mitengo yoimikira tomato zingadikire mwezi wamawa.