Si kondaine, ndi pemphero

Achemwali, mwafunsa ngati mawu amene aneba anu achihindu amabwereza m'mawa uliwonse ndi mankhwala ogwirira mwamuna. Ayi ndithu. Ambiri amanena mawu a Chisanskrit, chilankhulo chakale cha ku India, akuti "Om Namah Shivaya", kutanthauza kugwadira Shiva, mmodzi wa milungu yawo ikuluikulu, uku akuwerenga pa chingwe cha mikanda 108. Kwa iwo Shiva ndi mkazi wake Parvati ndiwo chitsanzo cha banja, moti pali chifanizo chotchedwa Ardhanarishvara: thupi limodzi, theka mwamuna, theka mkazi. Lolemba ndi tsiku la Shiva, choncho amayi ena amasala kudya tsikulo popempherera mabanja awo. Ineyo ndimangoona kuti munthu akabwereza mawu modekha maulendo 108, mkwiyo wa dzulo amakhala atauiwala asanafike pa mkanda womaliza.