Batani la ttk likukana kusintha mtundu

Imelo yabwera kuchokera kwa mnyamata wina wa pa Mangochi boma, amene akulemba pulogalamu ya Python yolembera malonda pa shopu ya simenti ndi malata ya amalume ake. Akufunsa kuti: "Ndapanga batani la ttk lolembedwa 'Sunga'. Ndikufuna likhale lobiriwira, lizida pang'ono mausi ikafikapo, ndipo lizituwa ngati mtengo sunalembedwe. Ndaika background koma palibe chikusintha. Ndaphonya pati?"

Achimwene, mavuto alipo awiri, ndipo loyambalo si lanu.

Pa Windows, ttk (gawo la Python lopangira mabatani ndi mabokosi a pa sikirini) imayamba ndi theme, kutanthauza maonekedwe okonzeratu, ya vista, ndipo pamenepo wojambula batani ndi Windows mwiniwake. Mungalembe background kangati, iye samva. Zikatheka amangopaka kamzere m'mphepete. Pa Mac, theme ya aqua ilinso ndi khalidwe lomweli. Sankhani theme imene Tk, pulogalamu imene ttk imadalira, amajambula yekha:

s = ttk.Style()
s.theme_use("clam")

Vuto lachiwiri ndi limene limasokoneza ambiri. Batani lakale la tk.Button limalandira activebackground (mtundu wake mausi ikafikapo) ndi disabledforeground (mtundu wa zilembo likazimitsidwa) mwachindunji. La ttk, lomwe linabwera ndi Tk 8.5 mu 2007, zimenezo silizidziwa. Mtundu wa nthawi zonse umaikidwa ndi configure, koma wosintha malinga ndi zimene zikuchitikira batani umaikidwa ndi map:

s.configure("Sunga.TButton", background="#1b7f3b", foreground="white")
s.map("Sunga.TButton", background=[("disabled", "#bdbdbd"), ("pressed", "#0d4020"), ("active", "#14632e")], foreground=[("disabled", "#444444")])
b = ttk.Button(root, text="Sunga", style="Sunga.TButton")

Dzinalo lithere ndi .TButton, apo ayi ttk idandaula kuti sikupeza layout, kamangidwe ka batanilo. Ndipo mukangoima pa configure osalemba map, batani lanu lobiriwiralo lizisanduka lotuwira mausi ikangofikapo, chifukwa clam ili kale ndi map yakeyake imene batani lanu likutengera.

Tsopano chofunika kwambiri ndi ndondomeko ya mndandandawo. ttk imawerenga kuchokera koyamba, ikapeza chogwirizana imaima pomwepo, zotsatirazo siziyang'ananso. Ndiye taganizani: munthu akamadina batani, mausi ili pomwepo, kutanthauza kuti batanilo lili pa active komanso pa pressed nthawi imodzi. Mukatsogoza active, mtundu wa pressed sudzaoneka mpaka kalekale, inu nkumafufuza cholakwika m'manambala a mitundu pamene manambalawo ali bwinobwino. Zili ngati pamzere wa kuchigayo, woyamba kufika ndiye agaya. Nchifukwa chake ine ndimatsogoza disabled, kenako pressed, active kumapeto.

Kuzimitsa batani ndi b.state(["disabled"]), kuliyatsanso ndi b.state(["!disabled"]). Kachizindikiro ka ! kamatanthauza kuti "ayi".

Bokosi lolembamo mtengo lidzakuvutitsaninso, ndiye ndineneretu. Mkati mwa ttk.Entry mumapakidwa ndi fieldbackground, osati background. Combobox, bokosi losankhiramo pa mndandanda, nayo chimodzimodzi, ndipo ngati mwaiika pa readonly (yongosankha, osalembamo), mtundu wake muulembe mu map pansi pa "readonly".

Pa mitundu yeniyeniyo, musaisankhire m'chipinda usiku. Tengani laputopu mukaiike pa kauntala ya shopuyo masana, zitseko zili zotsegula, dzuwa la Okutobala la ku Mangochi likuswa mtengo. Zobiriwira ziwiri zimene munkazisiyanitsa bwino kunyumba zidzaoneka chimodzi, ndipo zilembo zotuwa pa batani lotuwa zidzasoweratu. Amalume anu akayima chakumbali kwa sikirini nkulephera kudziwa ngati batani layaka kapena lazima, detsani active ndi pressed kwambiri, ndipo zilembo za disabled zikhale zakuda ndithu.