N'chifukwa Chiyani Rembrandt Sanamalize Kujambula Nyumbayo?

Mayi wina wa ku Chilomoni, yemwe amaphunzitsa Sande sukulu, anditumizira imelo yofunsa za chojambula cha inki cha Rembrandt, katswiri wojambula wa ku Netherlands, chosonyeza mwana wolowerera atabwerera kwa bambo ake. Akudabwa kuti nyumba ya m'chojambulacho ikuoneka yosatha ndipo mbali zina za pepala zangosiyidwa zoyera.

Mayi, chojambulachi, chomwe chinapangidwa cha m'ma 1642 ndipo chimasungidwa ku Teylers Museum mumzinda wa Haarlem ku Netherlands, si chosatha ayi. Kuwala kochuluka kumene mukuona ndi pepala lenilenilo, limene iye analisiya dala osalikhudza. Mizere anaikoka ndi cholembera, koma mthunzi anaupaka ndi burashi yoviika mu inki yosungunula ndi madzi, ndipo mthunzi umenewo ndi umene ukuchititsa kuti bamboyo ndi mwana wake aonekere bwino.

Yang'anitsitsani mmene bamboyo waweramira pa mwana wogwadayo, mpaka anthu awiriwo akuoneka ngati thupi limodzi. Khomo lopindika pamwamba limene lili kumbuyo kwawo likutsatira kuwerama komweko, ndipo likutsekereza diso kuti lisayendeyende papepala. Mukafuna kumvetsa zimenezi, kaimeni panja pa tchalitchi cha St Michael and All Angels pa Blantyre Mission, chija anamangitsa m'busa David Clement Scott kuyambira 1888 mpaka 1891, muone mmene munthu woima pakhomo lopindika amaonekera msanga kuposa wina woima pafupi ndi khoma. Ine ndimaona kuti Rembrandt, yemwe anabadwira ku Leiden mu 1606, analibe cholinga chotisonyeza nyumba ya Ayuda a m'nthawi ya Yesu. Akanajambula njerwa iliyonse, ife tikanatanganidwa ndi kuwerenga njerwazo n'kuiwala Luka 15:20, pamene bamboyo akukumbatira mwana wake asanamve n'komwe kupepesa kwake.

Pambali pali munthu wina amene akungoonerera. Musafulumire kuuza ana kuti ameneyo ndi mkulu wake wa mwana wolowererayo, chifukwa m'fanizolo mkuluyo anali kumunda panthawiyo.

Mukamakasindikiza chojambulachi kuti mugawire ana, pemphani kuti makina asadetse kwambiri, popeza fotokope imasandutsa mthunzi wofewawo kukhala banga lakuda bii, ndipo khomo lija silionekanso.