Kwa mayi a ku Chinamwali amene afunsa za mahomoni

Mayi, mwati muli ndi zaka 52, msambo unaleka kumayambiriro kwa chaka chatha, usiku mukumadzuka chitenje chili chonyowa ndi thukuta, ndipo mukusowa tulo. Mnzanu wina akuti mugule makapisozi "okonza mahomoni" amene akugulitsidwa pa WhatsApp, wina akuti mahomoni amabweretsa khansa. Kumapeto mwangotchula mongodutsa kuti sabata yatha munaona timagazi pang'ono. Ine ndiyambira pa timagazi timeneto.

Mzimayi akatha miyezi 12 osasamba, magazi obwera pambuyo pake si msambonso ayi. Kawirikawiri chimakhala chinthu chaching'ono, monga kuuma kwa njira ya chiberekero, koma nthawi zina ndi chizindikiro choyamba cha khansa ya khomo la chiberekero kapena ya m'kati mwa chiberekero. Malawi ali m'gulu la mayiko amene khansa ya khomo la chiberekero yafala kwambiri padziko lonse, choncho musadikire kuti muone ngati abwerenso. Yambirani ku chipatala cha kwanuko akulembereni kalata yopita ku Zomba Central, ndipo mukanene momveka kuti munasiya kusamba koma mwaona magazi. Kuyeza khomo la chiberekero popaka viniga kuja kumathandiza bwino amayi achichepere. Kwa ife opitirira zaka 50, malo amene amayang'anawo amabwerera m'kati, ndiye pemphani kuti adokotala akupimeni mokwanira. Za thukutalo mukanenenso, makamaka ngati mukutsokomola kapena kuwonda, chifukwa TB nayo imatulutsa thukuta usiku.

Tsopano za mahomoni. Mazira akatha, thupi limachepetsa kwambiri kupanga homoni yotchedwa estrogen, ndipo mbali ya ubongo imene imayang'anira kutentha kwa thupi imasokonezeka. N'chifukwa chake mumamva moto kumaso ndi pachifuwa ngakhale kukuzizira ngati ku Chawe mwezi wa June. Si ufiti, si matenda. Kafukufuku wa SWAN wa ku America, amene anatsatira amayi oposa 3,000 kwa zaka zambiri, anapeza kuti kutenthaku kumatenga zaka pafupifupi 7, ndipo kwa amayi akuda kunkafika zaka 10. Amene amakuuzani kuti "pirirani, pofika Khirisimasi zitha" akungokutonthozani.

Mantha a khansa amene mnzanu akunena ali ndi pochokera. Mu 2002, kafukufuku wamkulu wa Women's Health Initiative, wa amayi oposa 16,000, anaimitsidwa nthawi isanakwane ataona kuti omwa mapiritsi a estrogen pamodzi ndi homoni ina yotchedwa progestin ankadwala khansa ya m'mawere, sitiroko ndi kuundana kwa magazi m'mitsempha kuposa anzawo. Nkhani inamveka dziko lonse, amayi ambiri anataya mapiritsi. Koma chimene sichinamveke bwino n'chakuti pa khansa ya m'mawere panawonjezeka amayi pafupifupi 8 pa 10,000 aliwonse pachaka, ndipo ambiri mwa amayiwo anali achikulire, zaka zawo zinkazungulira 63. Akatswiri ataunikanso zotsatirazo anaona kuti kwa mzimayi wosafika zaka 60, amene sanathe zaka 10 chisiyireni kusamba, phindu la mankhwalawa nthawi zambiri limaposa chiopsezo, bola asakhale kuti anadwalapo khansa ya m'mawere, sitiroko, kuundana kwa magazi kapena matenda a chiwindi. Inu pa msinkhu muli pabwino. Komabe dokotala aliyense wodziwa ntchito sangakuyambitseni mahomoni asanadziwe kumene timagazi tija tikuchokera. Ndipo mzimayi amene chiberekero chake chilipo sapatsidwa estrogen wakumwa yekha, chifukwa payekha amakulitsa khungu la m'kati mwa chiberekero mpaka kuyambitsa khansa.

Apa ndi pamene makapisozi a pa WhatsApp akundidetsa nkhawa. Simudziwa zimene zili m'katimo, wogulitsayo sanakuyezeni BP, ndipo akakuvulazani nambala yake siipezekanso. Ndalama imeneyo isungeni ikhale ya thiransipoti. Musawonongenso ndalama ku labu kuyezetsa kuchuluka kwa mahomoni. Pa zaka zanuzi, mbiri ya msambo ndi zimene mukumvazo ndi zokwanira.

Chimene amayi ambiri sitichilabadira ndi mafupa. Estrogen akachepa, mafupa amafooka mwakachetechete, makamaka zaka zoyambirirazi, ndipo munthu amadzazindikira atathyoka dzanja pongoterereka pakhonde. Mwayi wathu ndi matemba a ku Chilwa ndi usipa, amene timadya ndi minga yomwe. Muli kashiyamu wambiri mmenemo, amene amalimbitsa mafupa. Onjezerani bonongwe, nkhwani, mkaka ukapezeka, ndipo muziyenda pansi tsiku lililonse. Yezetsaninso BP ndi shuga kawirikawiri, poti msinkhu uno ndi umene zimakonda kutulukira.

Ngati kukhala malo amodzi ndi bambo kukuwawa chifukwa cha kuuma, musachite manyazi kuwauza anamwino. Pali mafuta ofewetsa ogula ku famase, komanso kirimu wa estrogen wopaka pamalopo, amene amalowa m'magazi pang'ono chabe.

Popita ku chipatalako mutenge buku lanu la kuchipatala, mulembe papepala mwezi umene munasamba komaliza, tsiku limene munaona magazi, ndi mankhwala onse amene mukumwa, azitsamba omwe.