Asanapale utoto m'phanga, ayambe afika kwa amfumu

Achimwene, mwafunsa ngati n'koyenera kuti ofufuza azipala zojambula za m'mapanga kuno ku Tete pofuna kudziwa zaka zake. Ine ndikuti asathamangire. Zofiira zija, monga za ku Chifumbazi, n'za Akafula, ndipo utoto wake ndi dothi la chitsulo lopanda kaboni woti n'kupimira zaka. N'chifukwa chake ambiri amapima makala okumbidwa pansi m'phangamo.

Zoyera ndiye zimandikhudza kwambiri. Anajambula ndi makolo athu Achewa, zina za chinamwali, zina za Nyau, monganso ku Chongoni, kutsidya kwa malire ku Malawi, komwe UNESCO, bungwe la United Nations loona za maphunziro ndi chikhalidwe, inazindikira mu 2006 ngati malo ofunika kutetezedwa. Tanthauzo lake amasunga ndi anamkungwi, ndipo zina sizinenedwa pagulu. Wofufuza apemphe chilolezo, ajambule ndi kamera osathira madzi pamwala, zotsatira adzatiuze m'Chinyanja.