Makilomita si amene amadya mpamba

Achemwali, mwafunsa kuti kuchoka ku Johannesburg kukafika ku Guangzhou pa ndege ndi mtunda wotani, poti mukufuna kuyamba kukaoda katundu ku China ndipo mukuganiza kuti njira yaifupi ndiyo yotchipa. Ndikuyankheni ine amene ndagonapo pa mabenchi a m'mabwalo a ndege mpaka msana kuuma.

Mutati muongole chingwe, mizinda iwiriyi yatalikirana makilomita oposa 10,000. Koma ambirife timalumikiza ndege ziwiri. Mukadzera ku Dubai, chigawo choyamba ndi makilomita pafupifupi 6,400, maola 8 muli m'mwamba. Chachiwiri ndi pafupifupi 5,800. Mwadutsa kale 12,000 pamenepo. Ena amadzera ku Addis Ababa. Chodabwitsa n'chakuti njira yozungulirayo nthawi zambiri ndiyo imatsika mtengo, chifukwa tikiti sayeza ndi makilomita. Amayang'ana nyengo ndi kuchuluka kwa anthu ofuna mipando. Yesani kupita mu Epulo kapena Okutobala, nthawi ya Canton Fair, chionetsero chachikulu cha malonda ku Guangzhou, muone momwe zinthu zimakwerera, ndi malo ogona omwe.

Pa tikiti, nthawi yofikira amalemba ya komwe ndege ikutera. Guangzhou ili patsogolo ndi maola 6 kuyerekeza ndi Johannesburg, ndiye musaphatikize manambalawo n'kuyamba kuopa ulendo. Mukaona mtunda walembedwa m'mamailosi, mailo imodzi ndi kilomita 1.6.

Tsono chimene ine ndimawerenga ndi makilo. Ndege zambiri zimalola chikwama cha makilo 23, zina zikwama ziwiri, zina chimodzi chokha. Funsani musanalipire. Ulendo wanga woyamba ndinagwada pa sikelo, anthu ali pamzere kumbuyo kwanga, ndikutulutsa nsapato za makasitomala n'kumazipanikiza m'kachikwama ka m'manja. Ndinavala majekete atatu, thukuta kamukamu, komabe ndinalipira makilo oonjezera. Phindu la nsapatozo linathera pomwepo.

Katundu wambiri timatumiza pa kago ya ndege, ndipo uko kuli msampha wina. Sayang'ana kulemera kokha, amayezanso kukula kwa katoni. Amachulukitsa mulitali, mulifupi ndi msinkhu m'masentimita, n'kugawa ndi 6,000. Katoni ya 60 ndi 50 ndi 40 imatuluka makilo 20, ngakhale pa sikelo ikulemera 8 okha, ndipo mulipira a 20. N'chifukwa chake zikwama za amayi timazifinya, n'kulowetsa zing'onozing'ono m'kati mwa zazikulu. Mapilo ndi mabulangete musayese n'komwe, amenewo ndi a sitima yapamadzi.

Polumikiza ndege, musasankhe mpata wa ola limodzi. Inu mutha kuthamanga n'kukwera, koma chikwama chanu sichithamanga. Ine ndimafuna maola atatu, ndipo ma risiti onse ndimasunga m'thumba la jekete, chifukwa a msonkho pofika amayamba kufunsa amenewo.